Za Chikalata cha Utsogoleri ndi Khomo la Sukulu Zapamwamba

M'nyengo yokolola thonje anadza kwa ine mnansi wanga wina wa kuno ku Chitala, pepala liri m'manja. Mwana wake wamkazi, amene ali m'Fomu 3, anaitanidwa ku Lilongwe ku msonkhano wa sabata limodzi wophunzitsa achinyamata utsogoleri. Ndipo pepalalo linanena kuti yense wotsiriza adzalandira chikalata chomtsegulira khomo la yunivesite. Ndalama zolipira zinalingana ndi mtengo wa mbuzi yaikulu. "Aphunzitsi," anatero mkuluyo, "mbuziyo ndigulitse kodi?" Popeza ndidziwa kuti funso lomweli lafikanso m'nyumba zina za inu owerenga, ndati ndiyankhe pano poyera.

Tiyambe taona umo asankhira ana m'dziko lathu lino. Mwana wa Fomu 4 alemba mayeso a MSCE, ndipo kuti aganiziridwe ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, ayenera kukhoza bwino maphunziro 6, Chingerezi chiri pomwepo. Awerenga mapointi, ndipo ochepa ndiwo abwino. Mapointi 6 ndiwo opambana onse. Osankha ayang'ana makamaka mapointiwo, ndi maphunziro amene mwana wapempha, ndi malo amene alipo. Kale anafunsanso kuti mwana kwao ndi boma liti, Salima kapena Rumphi, njira ija anaitcha kota. Koma inalekedwa m'chaka cha 2020. Pa sikelo imeneyi chikalata cha utsogoleri sichilemera ngakhale monga nthenga ya nkhuku. Chifukwa chake, amene analemba pepala lija ananena mau oposa choonadi.

Koma sindinena kuti anangopeka zonse, iai. Kunja kwa dziko lino ziriko sukulu zimene sizikhutira ndi mayeso okha. Zifuna kumva chimene mwana anachitira anzake, gulu limene anatsogolera, ndi umboni wa akulu omdziwa. Yotere ndi African Leadership Academy ya ku Johannesburg, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2008, ndipo zoterezi ndi zambiri ku America. Ubwino wa njira imeneyi tinauona ndi maso pa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Iye analeka sukulu m'njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, napanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate wake. Mayeso athu sakanamuona konse. Koma sukulu ya ku Johannesburg inamlandira mu 2008, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Tsono taonani chinthu chimodzi m'nkhani imeneyi, chimene anthu aiwala posimba. Makinawo anaima m'mudzi zaka zinai dziko losawadziwa, kufikira nyuzipepala inalemba za iwo mu 2006, ndipo mu 2007 anamuitana kukalankhula ku Arusha. Nchito inayamba, mbiri inadza pambuyo; ndipo mnyamatayo popanga sanali kulingalira za chikalata, koma za mdima wa m'nyumba mwao. Misonkhano yogulitsa zikalata yatembenuza zimenezi: pepala patsogolo, nchito pambuyo, kapena yosaoneka ndi pang'ono pomwe. Mwana aphunzira kubzala mitengo tsiku limodzi, wojambula zithunzi ali pafupi, ndipo wothirira mitengoyo m'chilimwe sapezeka.

Chimene chindivuta koposa ndi ichi: muyeso wa utsogoleri upendekera kwa amene ali nazo kale. Mwana wa m'tauni, wa pa sukulu yolipira zambiri, apeza makalabu omdikira, ndi mphunzitsi wodziwa kulemba kalata yaumboni m'Chingerezi chosalala, ndi intaneti yotumizira mafomu. Nanga mwana wa pa sukulu yoyendera ya kwathu kuno? Ndimdziwa msungwana wina amene mai wake anadwala nthawi yaitali. Iye ndiye anasunga abale ake atatu, nagawa chimanga cha m'nkhokwe kuti chifike masika, natsutsana ndi ogula mtedza pa sikelo yao yonyenga, ndipo m'mawa mwake anali m'kalasi. Ngati umenewu suli utsogoleri, utsogoleri nchiani? Koma palibe wompatsa chikalata, ndipo iye mwini, mukamuuza kuti alembe zodzitama, adzangoyang'ana pansi; pakuti tinamlera ife tomwe kuti mwana wabwino sanena za iye yekha pamaso pa akulu. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pano mauwo aluma kwenikweni, chifukwa manyaziwo si ulesi, ndi ulemu.

Tisayesenso kuti muyeso umenewu unabadwa woyera kumene unachokera. Ku Harvard, sukulu yakale koposa zonse zapamwamba za ku America, ana a Ayuda anapambana mayeso kotero kuti mu 1922 anaposa mmodzi mwa ophunzira asanu alionse. Mkulu wa sukuluyo, A. Lawrence Lowell, anafuna kuwachepetsa. Ndipo pamene kuika malire poyera kunakanidwa, anayamba m'zaka zotsatira kuyesa khalidwe ndi umunthu wa wopempha malo, nafunsa makalata aumboni, ndipo Ayudawo anachepadi. Mayeso, ngakhale ali ndi zolakwa zake, wolephera angathe kuona malikisi ake nadziwa pamene anagwera. Koma wokanidwa chifukwa cha khalidwe akadandaule kwa yani? Ife amene tinakangana zaka zambiri za kota tidziwa bwino kuti khomo la sukulu likakhala lopapatiza, njira iriyonse yosankhira isanduka mlandu.

Musandimve ngati wodana ndi magulu a ana asukulu. Gulu la Masikauti, kalabu yosamala za chilengedwe, mtsutso wa Lachisanu madzulo, udindo wa pulifekiti: zonsezi ziphunzitsa mwana kuima pamaso pa anthu, kusunga ndalama za gulu mosaba, ndi kugonja mtsutso popanda kukwiya. Ziri pa sukulu pomwepo, ndipo zambiri sizilira mbuzi. Mwana amene wagwira udindo wotere zaka ziwiri kapena zitatu, mphunzitsi wamkulu angathe kumchitira umboni woona, ndipo osankha a kunja, amene awerenga makalata ambirimbiri chaka ndi chaka, sali opusa kuti asasiyanitse zaka zitatu ndi sabata limodzi la mu hotela.

Mnansi wanga ndinamuuza kuti mwana wake afuna kuphunzira unamwino, ndipo khomo la unamwino lifunsa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Ngati mbuzi igulitsidwe, igulitsidwire mabuku ndi nyali yowerengera usiku. Ndinamuuzanso kuti mwanayo apemphe mphunzitsi wamkulu buku laling'ono, azilembamo nchito iriyonse imene agwirira anzake pa sukulu ndi m'mudzi, ndi tsiku lake, mphunzitsi nasainira. Mkuluyo anapinda pepala lija, naliika m'thumba la malaya, nati akayamba wakambirana ndi amalume a mwanayo, popeza mbuziyo ndi ya kuchikazi.