Zaka 900 zopanda makwinya

Masamu anditopetsa. Ikangoyamba nkhani ya chikondi cha pakati pa munthu ndi cholengedwa chosafa m'masewero a pa kanema, olemba ndemanga amathamangira kuchotsera. Mu Buffy the Vampire Slayer, Buffy anali ndi zaka 16, Angel zoposa 240. Mu Doctor Who, Rose Tyler anali ndi 19, Doctor 900. Akapeza yankho amagamula kuti uyu ndi chidyamakanda basi. Ena amawayankha kuti ndi nthano chabe, anamapopa kulibe, mlandu uthere pomwepo. Onsewa amalumpha funso lomwe wokonda luso amayenera kuyamba nalo: zaka zimenezi zikuonekera pati?

Nambala sivuta kulemba. Mlembi amangoiika pakamwa pa wosewera, iye n'kuitchula, ife n'kuvomera. Koma kamera sijambula nambala. Imajambula nkhope, mayendedwe, ndi mmene munthu amakhalira chete mnzake akamuputa. Pomwe Buffy the Vampire Slayer inkayamba mu 1997, David Boreanaz, wosewera Angel, anali asanafike zaka 30, ndipo maso athu ankaona mnyamata wosalala nkhope, wokonda kuima mumdima. Zaka zinazo zinali za m'makutu mokha.

The Vampire Diaries ndiye yosachita kutayirapo nthawi. Stefan Salvatore anasanduka namapopa mu 1864, anaona nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndi nkhondo ziwiri za dziko lonse, koma mu 2009 tikumupeza akulembetsa sukulu ya sekondale ku Mystic Falls, akulimbirana mtsikana ndi mkulu wake ngati anyamata a Fomu 3. Mutachotsa zaka 145 zonsezo, nkhaniyo ingatsale momwemo. Olemba ake anafika popereka nkhope imodzi, ya Nina Dobrev, kwa bwenzi lakale Katherine ndi latsopano Elena, kuti pasakhale chilichonse chokumbutsa kuti nthawi inadutsa.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi imodzi, ndipo ndi yosavuta kuinena: bweretsani pa kamera munthu amene anakalamba pomwe mnzakeyo sanakalambe. Doctor Who inachita zimenezi mu 2006, m'gawo lotchedwa School Reunion lomwe analemba Toby Whithouse, ndipo mpaka lero sindinaone china cholipambana.

Elisabeth Sladen anasewera Sarah Jane Smith, mnzake woyenda ndi Doctor, kuyambira 1973 mpaka 1976, nthawi yomwe Doctor ankaseweredwa ndi Jon Pertwee kenaka Tom Baker. Doctor ataitanidwa kwawo ku Gallifrey anamutsitsa pamsewu n'kupita, osabweranso. Patatha zaka 30 anthu opanga seweroli sanafune mtsikana wina woti amupake penti ya imvi. Anaitana Sladen yemweyo, ali ndi zaka 60. Taonani chomwe chikuchitika. Usiku, m'sukulu yopanda anthu, Sarah Jane akutsegula chitseko cha kachipinda n'kupeza TARDIS, chombo cha Doctor, itaima mumdima. Akubwerera cham'mbuyo, mpweya utamuthera, ndipo potembenuka akupeza Doctor, yemwe tsopano akuseweredwa ndi David Tennant, ali chilili. Mwamunayu wabwera ndi nkhope yanthete kuposa yomwe anachoka nayo. Mayiyu wabwera ndi nkhope yake yomwe ija, yomwe yadutsa m'zaka 30 zenizeni. Palibe amene akufunika kutchula nambala iliyonse. M'galimoto mwake muli K9, kagalu kachitsulo, katachita dzimbiri chifukwa palibe wodziwa kukakonza. Ngakhale msewu womwe anamusiyapo sunali wa ku Croydon monga Doctor ankaganizira. Unali wa ku Aberdeen. Timaseka, komano nthabwala imeneyi ili ndi minga: munthu wa zaka mazanamazana sanacheuke n'komwe kuti aone ngati wamutsitsa pamalo oyenera.

Ndipo Rose akuona zonsezi. Luso lagona pamenepa. Mtsikana wa zaka zosafika 21 akuyang'ana mayi yemwe Doctor sanamutchuleko dzina ngakhale kamodzi, ndipo akuzindikira kuti akuyang'ana mawa lake. Awiriwo akuyamba ndi kupikisana pa za zilombo zomwe aliyense anakumana nazo, kenaka akuphulika kuseka, kumuseka mwamuna yemweyo. Rose atamupanikiza panja pa lesitilanti, Doctor akuvomera kuti anthu amafota n'kufa iye akadalipo, kuti moyo wonse wa Rose ndi kachidutswa chabe ka moyo wake. Mawu amenewa atanenedwa popanda Sladen pafupi akanakhala okometsera chabe. Akulemera chifukwa umboni wake wangotuluka kumene pakhomo lomwelo. (Okonda seweroli akale amadandaula kuti m'ma 1970 Sarah Jane sanali bwenzi la Doctor, ndipo gawoli linamupaka chikondi chomwe kunalibe. Akunena zoona. Ine ndawakhululukira olembawo.)

Buffy inayesetsa, tisaimane ulemu wake. Mu Januwale 1998, m'gawo la Innocence, Angel atataya mzimu wake usiku womwe Buffy anakwanitsa zaka 17, akumunyoza mtsikanayo kuti sadziwa kanthu pa za amuna. Pamenepo kusiyana kwa zaka kunaoneka poyera, monga mphamvu ya wodziwa zambiri pa wongoyamba kumene. Chaka chotsatira, Meya Wilkins, mdani wawo amenenso sakalamba, akuwauza za mkazi wake Edna Mae, yemwe anakalamba, kusokonekera mutu, n'kufa akutemberera unyamata wa mwamuna wake. Ndi mawu abwino, ndipo anathandiza kuti Angel anyamuke. Koma Edna Mae sitinamuone. Tinangomumva.

Ena onse amathawa. Highlander inali ndi Duncan MacLeod wobadwa mu 1592 ndi Tessa, mkazi woopa kukalamba pambali pa mwamuna wosasintha. Imeneyo inali nkhani yoti aikumbe. M'malo mwake, mu 1993 anabweretsa mbava ya mumsewu n'kumuwombera Tessa akadali wokongola, vuto latha. Star Trek: Voyager inatembenuza zinthu: Kes ndi wa mtundu wa Ocampa, womwe umakhala ndi moyo zaka 9 zokha, ndipo anali asanakwanitse zaka ziwiri ali kale pachibwenzi ndi Neelix. Olemba anachita nazo manyazi, chibwenzicho anachithetsa mwakachetechete, ndipo mu 1997 Kes anachoka. Sewero la ku Korea la Goblin linaika mwamuna wa zaka 939 pambali pa mtsikana wa yunifolomu, chipale chofewa ndi nyimbo zokoma n'kumaphimba zotsalazo.

Chodabwitsa n'chakuti kusiyana kwa zaka komwe kunandinyansa kwambiri pa kanema kunalibe wosafa aliyense. M'gawo lachiwiri la House of the Dragon, mu 2022, Mfumu Viserys ikuyenda m'munda wa maluwa ndi Laena Velaryon, mwana wa zaka 12 yemwe akuluakulu akufuna kuti imukwatire. Mwanayo akufunsa za zinjoka, kenaka akulakatula mawu omwe bambo ake anamuloweza, olonjeza kubereka ana ambiri. Kamera yangowaika pamodzi, wamtali ndi wamfupi, ndipo Paddy Considine, wosewera Viserys, akusowa poyang'ana. Apa mpata wake ndi wa zaka makumi angapo chabe, koma thupi limachita tsembwe kuposa pa 900 za Doctor. Diso laona lokha.

N'chifukwa chake ndimati olemba asamabisale kumbuyo kwa nambala, ndipo olemba ndemanga asamaiope. Ngati mwamuna wanu wakhala zaka mazana asanu, tionetseni manda omwe amakaona, chilankhulo chomwe amalota nacho, kutopa kwake pomva mwana akufotokoza zomwe iye anazimva kambirimbiri. Ndipo bwanji wamkuluyo amangokhala mwamuna? Alex Kingston, yemwe ndi wamkulu kwa Matt Smith (Doctor wa nthawi imeneyo) ndi zaka 19, anasewera River Song, mkazi wa Doctor, ndipo kanema sanaphulike.

Mu 2007 School Reunion inapikisana pa mphoto ya Hugo ndi gawo linzake la mu 2006, The Girl in the Fireplace, la Steven Moffat. M'menemo Doctor akudutsa pa mbaula n'kukumana ndi Reinette ali ndi zaka 7, akudutsanso pa mbaula yomweyo n'kumupeza ali namwali woti amupsompsone, ndipo pobwera komaliza akupeza ngolo ya maliro ikutuluka ku Versailles. Mkaziyo anamwalira tisanaone khwinya ngakhale limodzi pankhope pake. Gawo limenelo ndi lomwe linapambana. Oponya voti analakwitsa.