Luso Loyala Zinthu Zakale: Chichiri ndi Anthu a M'malokeshoni

Nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ambiri amangoitchula kuti myuziyamu, imatamandidwa kawirikawiri chifukwa cha kuchuluka kwa katundu amene ili naye, pamene luso lake lenileni lagona pa kasankhidwe, kayalidwe ndi kafotokozedwe ka katunduyo. Wosanja zionetsero, ndiye kuti munthu amene amagamula choti chiikidwe poonekera, choti chitsale m'chipinda chosungiramo ndiponso mawu oti alembedwe pambali pa chinthu chilichonse, ali ndi mphamvu zonga za wolemba mbiri, chifukwa mlendo amene walowa pakhomo amaona zokhazo zimene wamuikira, ndipo amaziona motsata ndondomeko imene wamukonzera. Mumzinda wa Blantyre lusoli limaonekera pa nyumba ya ku Chichiri, kumene ana a sukulu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amapita ndi aphunzitsi awo kukaona mbiri ya dziko lawo.

Lamulo lokhazikitsa myuziyamu m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1957, dziko likadali Nyasaland, potsatira khama la bungwe la Nyasaland Society, limene tsopano ndi Society of Malawi. Zionetsero zoyamba zinali ku Mandala House, nyumba imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndipo nyumba ya ku Chichiri, yomangidwa ndi thandizo la Beit Trust, inatsegulidwa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu Juni 1966. Zaka zimenezi n'zofunika kuzikumbukira, pakuti nyumba iliyonse yotere imanyamula maganizo a nthawi imene inabadwa, ndipo maganizo a nthawi imeneyo ankagawa dziko patatu: zachilengedwe, miyambo ya mitundu ya kumudzi, ndi makina obwera ndi Azungu.

Gawo la makina ndilo limagwira mtima msanga, ndipo chifukwa chake si chovuta kuchipeza. Injini za sitima zoyendera nthunzi, galimoto yozimitsira moto ndi basi yakale zili panja, pamene mwana angathe kuzizungulira, kusuzumira kunsi kwa mawilo ndi kudziyeza msinkhu ndi chitsulo, kotero kuti mphunzitsi akanena kuti njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mawuwo amapeza pogwira. N'chimodzimodzinso ndi mwala wochokera mumlengalenga umene unagwa ku Machinga mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu oposa 90: uli ndi tsiku, uli ndi malo, ndipo nkhani yake imatha kufotokozedwa kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto.

Vuto la luso limayamba pa zinthu zimene moyo wake uli m'manja mwa ozigwiritsa ntchito. Ng'oma ya mbalule, imene imatsogolera zinzake pa gule wamkulu, imalira bwino pokhapokha chikopa chake chitawambidwa pamoto ndi kumatidwa phula pakati, ndipo woimba wake amayang'anitsitsa mapazi a chilombo chimene chili m'bwalo kuti ng'oma iyankhe kuponda kulikonse, pamene amayi akuomba m'manja ndi kuvomereza nyimbo. Ng'oma yomweyo ikaikidwa m'kabati yagalasi, ndi kapepala konena dzina lake ndi mtundu wa anthu amene amaigwiritsa ntchito, mlendo amaona mtengo wogoba ndi chikopa chouma basi. Galasi limateteza ku chiswe, fumbi ndi zala za anthu, ndipo palibe wosanja wanzeru amene angalinyoze, koma limachotsanso kulira, kutentha ndi dzina la mmisiri amene anasema. Kapepala kongonena kuti chinthu ndi cha Achewa, cha Ayao kapena cha Alhomwe, kopanda mudzi, chaka kapena mwini, kamaphunzitsa mwana mosadziwa kuti sitima ili ndi mbiri pamene mtondo ndi lichero zilibe, ngati kuti zinangokhalapo chikhalire.

Nkhani imakula kwambiri ikafika pa zinyau, chifukwa pamenepo wosanja amakumana ndi mwambo umene umaletsa chimene ntchito yake imafuna. Chigoba cha gule chimakonzedwa kudambwe, malo obisika amene osalowa mwambo saloledwa kufikako, ndipo zilombo zina zoluka ndi udzu ndi makoko a chimanga, monga kasiyamaliro, mwamwambo zimatenthedwa mwambo ukatha. Kusunga chinthu chimene eni ake anachipangira kuti chithe, ndi kuchionetsa kwa aliyense wolipira pakhomo, si nkhani yoti munthu angaimalize payekha mu ofesi. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo myuziyamu ya Chamare imene ili kumeneko inasonkhanitsa zigoba mazana angapo, zoyalidwa pamodzi ndi zithunzi ndi mafotokozedwe a khalidwe limene gule aliyense amadzudzula kapena kulimbikitsa. Mphamvu ya kayalidwe ka ku Mua ndi yakuti chigoba chimaonekera ngati mwambi wophunzitsa, osati ngati chidole choopsezera ana, ngakhale funso lakuti ndani ali ndi ufulu woulula za kudambwe silinathe, ndipo silinathenso pamene bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu mu 2005.

Anthu a kuzilumba za Polynesia, m'nyanja yaikulu ya Pacific, analimbana ndi funso lomweli ndipo anasintha kagwiridwe ka ntchito m'nyumba zawo. Pamene chionetsero cha Te Maori chinkatsegulidwa ku Metropolitan Museum of Art ku New York mu 1984, akuluakulu a mtundu wa Maori anaperekeza zosema za makolo awo ndi kuchita mwambo wa mbandakucha, posonyeza kuti zinthuzo zili ndi eni ake amoyo, ndipo myuziyamu ya Te Papa, imene inatsegulidwa ku Wellington mu 1998, inamangidwa pa mfundo yakuti mafuko akhale ndi mawu pa kasungidwe ndi kaonetsedwe ka chuma chawo. Pa chilumba cha Rapa Nui pali myuziyamu yaing'ono yotchedwa dzina la wansembe Sebastián Englert, imene imafotokoza za ziboliboli za miyala za kumeneko, koma chiboliboli chotchuka cha Hoa Hakananai'a chinatengedwa ndi sitima yankhondo ya ku Britain mu 1868 ndipo chili ku British Museum ku London, kumene nthumwi za pachilumbacho zinapita mu 2018 kukapempha kuti chibwerere. Chimene nyumba za kumeneko zinazindikira n'chakuti mlendo woyamba kumuganizira ndi mdzukulu wa amene anapanga zinthuzo.

Mlendo woyamba wa ku Chichiri ndi mwana wa mulokeshoni, ndipo apa m'pamene kagawidwe kakale ka patatu kaja kamaperewera, chifukwa lokeshoni si mudzi wa makolo ndiponso si fakitale ya Mzungu. Komabe m'madera amenewa muli luso lazopangapanga limene lili ndi mbiri yake. Mmisiri wa pamsika wa Ndirande amadula chitsulo chotha ntchito, n'kuchipinda ndi hamala pa chidutswa cha njanji kapena pa chitsulo china cholemera, n'kuboola timabowo todutsira phulusa ndi mpweya, mpaka patuluke mbaula imene idzaphike nsima ya banja kwa zaka. Ndipo mbaulayo, itayalidwa pafupi ndi mafuwa atatu a kumudzi, ingafotokoze kusamuka kwa anthu, malonda a makala ndi kutha kwa mitengo m'phiri la Ndirande momveka kuposa ndime yaitali ya m'buku. Koloboyi, nyale ya kachitini ndi chingwe choyaka ndi palafini, galimoto yawaya ya anyamata, ndi banjo yopanga pamanja yonga imene Alan Namoko anatchuka nayo, zonsezi n'zinthu zimene eni ake akadalipo kapena ana awo akuwakumbukira, kotero kuti dzina la wopanga, chaka ndi mtengo wake zingathe kulembedwa lero popanda kungoganizira.

Mbiri ya ndale ndi ya masoka nayonso inadutsa m'misewu yomweyi. Anthu ambiri amene anamangidwa boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti pa 3 Marichi 1959 anasungidwa ku Kanjedza, ku Limbe. Sitalaka ya ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Meyi 1992 inafalikira mumzinda wonse chaka chimodzi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 isanachitike. Ndipo namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023. Khadi lachipani limene munthu ankafunsidwa polowa mumsika kapena pokwera basi, likaikidwa pamodzi ndi mawu ojambulidwa a mayi amene ankalisunga m'chikwama, lingaphunzitse za ulamuliro wa chipani chimodzi mwa njira imene mwana wa Sitandade 8 sangaiiwale. Kujambula mawu sikufunanso ndalama zochuluka monga kale, popeza foni ya m'manja imakwanitsa, koma kumafuna wosanja wolola kuchoka pa desiki n'kukakhala pamkeka ndi agogo a ku Bangwe, ndiponso wolemba mafotokozedwe m'Chichewa chomveka osati m'Chingerezi chokha.

Nyumba ya ku Chichiri yasunga chuma chimene chikadatayika kalekale, ndipo yachita zimenezi m'dziko limene ndalama za ntchito zachikhalidwe zimakhala zochepa nthawi zonse. Ntchito imene yatsalira ndi yotolera za m'malokeshoni pamene eni ake akadali moyo, ndipo a Dipatimenti yoona za myuziyamu, aphunzitsi a mbiri ndi mafumu a m'madera a mumzindawu ayenera kuiyamba msanga, chifukwa anthu amene anaona za 1959 ndi maso awo atsala ochepa.