Thandizo Kapena Thangata?

Msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza umafika pa Chitakale ndi pa boma la Mulanje, nkupitirira mpaka ku chipata cha Muloza, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Mumsewu umenewu mumayenda malole a tiyi, maminibasi, ndiponso njinga zamoto za anyamata a kabaza. Tiyerekeze kuti wapolisi waimika imodzi mwa njingazi pa Limbuli nanena kuti, "Tsika, ndikuthamangitsa mbala isanawoloke malire." Kodi lamulo likumulola kutero? Anthu ambiri amayankha msanga kuti inde, popeza anaziona m'mafilimu a ku America, momwe wapolisi amangoonetsa chiphaso, mwini galimoto nkutuluka mwakachetechete. Koma filimu si lamulo, ndipo wolemba filimu salipira galimoto likagwera m'ngalande.

Nzoona kuti malamulo oyendetsera milandu m'dziko muno amanena kuti munthu aliyense ayenera kuthandiza wapolisi amene wapempha thandizo moyenera pogwira woganiziridwa mlandu kapena poletsa kuti asathawe. Lamuloli lili ndi nzeru yake. Apolisi ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Komabe liwu loyenera kuliyang'anitsitsa ndi lakuti "moyenera". Kuuza woyendetsa galimoto kuti anyamule munthu wovulala kupita naye kuchipatala ndi pempho loyenera, ndipo wokana angadzudzulidwe ndi mudzi wonse. Kumulanda makiyi, kumusiya ali chilili pamsewu, nkuthamangitsa galimoto lake m'misewu yamatope ya m'minda ya tiyi ndi nkhani ina.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, amanena m'gawo 28 kuti munthu ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, ndipo asalandidwe katunduyo mwachisawawa. Gawo 44 limaonjezera kuti boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha ngati likutero pofuna kupindulitsa anthu onse, litamudziwitsa mokwanira ndi kumupatsa chipukutamisozi choyenera, ndipo mwiniyo ali ndi ufulu wokadandaula kubwalo la milandu. Mawu amenewa sanalembedwe mwangozi. Amene anawalemba ankakumbukira lamulo la Forfeiture Act la m'chaka cha 1966, limene boma la chipani chimodzi linkalandira anthu nyumba, masitolo ndi magalimoto popanda mlandu kuzengedwa.

Pano tisasokoneze zinthu ziwiri. Apolisi ali ndi mphamvu yogwira galimoto limene ndi umboni pamlandu, monga galimoto lobedwa kapena lonyamula katundu wozembetsa. Galimoto lotere limasungidwa kudikira chigamulo cha bwalo, silikhala la wapolisi kuti aziyendera. Mphamvu yosunga umboni si mphamvu yobwereka mokakamiza.

Anthu a ku Mulanje akudziwa bwino kuposa ena momwe liwu labwino limasandukira chikwapu. Kale "kuthangata" kunali kuthandizana: munthu ankaitana anzake kuti amulimire, iye nkuwaphikira thobwa kapena mowa. Azungu atatenga malo m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, anatenganso liwulo. Wokhala pa esiteti ankagwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, nthawi zambiri m'nyengo yadzinja, pamene munda wake womwe unkafuna khasu. Alomwe ambiri amene anachokera ku Mozambique analibe kwina kolowera, motero anapirira. Nkhanza zimenezi zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira atsamunda m'chaka cha 1915, ndipo thangata anadzathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962. Dzina linali la thandizo, koma thandizo limene munthu sangalikane lasiya kale kukhala thandizo.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi iwo amene amati nkhaniyi ndi yaing'ono. Kawirikawiri wapolisi wa kuno salanda galimoto ngati wa m'filimu. Amangoimika minibasi pa rodibuloko nkukwera osalipira, kapena amauza wodandaula kuti apeze yekha galimoto ngati akufuna kuti apolisi akafike kumene kwachitika umbanda. Dalaivala amavomera akumwetulira, pakuti mawa adzadutsanso pomwepo, ndipo galimoto losapezeka ndi vuto lililonse ndi losowa. Pempho la munthu wovala yunifolomu limalemera kuposa la munthu wamba, ndipo wapolisi wanzeru amadziwa zimenezi.

Ena adzati, nanga pa nthawi ya ngozi? Funso limeneli ndi lomveka. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi ndi miyala zinakokolola midzi ku Phalombe, kumene panthawiyo kunali mbali ya boma la Mulanje. M'mwezi womwewo m'chaka cha 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa milatho ndi kupha anthu ambiri m'maboma awiriwa. Pa masiku otere palibe munthu wamtima wabwino amene angabise makiyi a lole yake. Koma taonani kuti dziko linaona kufunika kolemba malamulo apadera okhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi, loyamba m'chaka cha 1991, lina m'chaka cha 2023. Ngati ngakhale chigumula chimafuna lamulo lolembedwa, ndiye kuti kusowa kwa mafuta pa polisi sikungapatse munthu mphamvu imene lamulo silinamupatse.

Chimene chimaiwalika ndi mwini njinga uja wa pa Limbuli. Mwina njingayo si yake, ndi ya bwana amene amayembekezera ndalama madzulo aliwonse. Ikaonongeka, mnyamatayo ali ndi njira zitatu: bwalo la milandu, ofesi ya Ombudsman, kapena bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la m'chaka cha 2010. Njira zonsezi zimafuna umboni. Afunika kudziwa dzina ndi nambala ya wapolisiyo, tsiku ndi nthawi, komanso anthu amene anaona. Wapolisi amene akuchita zovomerezeka sadzavutika kutchula dzina lake ndi kulemba kakalata kosonyeza kuti watenga njingayo.