Linunda la Gordon: kankhani ka ana komwe akuluakulu akukanganirabe

Ambiri a ife tinamudziwa Thomas pa TV, kasitima kabuluu ka nkhope yobulungira, ndipo tinamusiya pomwe tinasiyira makatuni ena onse. Ndi ochepa akudziwa kuti makatuni aja anachokera m'mabuku, ndipo wolemba wake nkhani za njanji sankachita nazo chibwana. Wilbert Awdry anali wansembe wa mpingo wa Anglican ku England, ndipo analemba mabuku 26 a The Railway Series kuyambira 1945 mpaka 1972. Lero tiyeni tione kankhani kamodzi, "Domeless Engines", komwe ndi koyamba m'buku la Duck and the Diesel Engine la 1958. Mutha kukamaliza tiyi asanazizire m'kapu, koma m'kati mwake muli mkangano womwe okonda sitima ku Britain akhala akukokanakokana nawo kwa zaka zoposa 120.

Nkhani yake ili motere. Pachilumba chongopeka cha Sodor pabwera mlendo wotchuka, mutu wa sitima wakale wotchedwa City of Truro. Anthu akumuunjirira ndi makamera. Duck, yemwe amanyadira kuti anachokera ku kampani ya Great Western Railway ngati mlendoyo, wasangalala mpaka kucheza naye usiku wonse. Koma Gordon, injini yaikulu yokoka sitima zaliwiro, mtima wamuwawa. Akuti mlendoyu ndi woyamba kuthamanga mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 161. Gordon akunyoza kuti injini yopanda linunda pamsana si yoikhulupirira, kenako naye akufuna aonetse liwiro lake. Ali pamlatho wautali, chimphepo chinamuvula linunda lake lomwe n'kuliponya pansi. Anafika pasiteshoni ali mbulanda pamsana, anzake n'kumubwezera mawu ake omwe. Basi, nkhani yathera pomwepo.

Mwana akawerenga amatolapo phunziro lodziwika kale lija, lakuti kunyada kumagwetsa. Palibe cholakwika. Koma City of Truro si dzina lopeka, anzanga. Ndi injini yeniyeni, inapangidwa ku Swindon mu 1903. Pa 9 May 1904 inkakoka sitima ya makalata ochokera kutsidya kwa nyanja, kuchoka ku Plymouth kulowera ku London. Ikutsika mtsetse wa Wellington ku Somerset, mtolankhani wina wa za njanji, Charles Rous-Marten, anali pawindo ndi wotchi yoyezera masekondi, akuwerenga zizindikiro za mtunda m'mbali mwa njanji. Iye anati kota imodzi ya mailosi anaidutsa m'masekondi 8.8. Mukawerengetsa, amenewo ndi mamailosi 102.3 pa ola.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wotchi ngati yakeyo inkadumpha ndi 0.2 ya sekondi. Kota ya mailosi m'masekondi 9.0 ndi mamailosi 100 ndendende. M'masekondi 9.2 ndi 97.8 basi. Ndiye kuti chala chikangochedwa kapena kufulumira pang'onong'ono, m'bogi logwedezeka, mbiri yonse yasintha. Panalibe makina ena otsimikizira. Kampani nayonso sinafune kulengeza nambalayo nthawi yomweyo poopa kuopseza okwera, choncho inatuluka pang'onopang'ono patapita nthawi. Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akubwereza samu imeneyi. Ena amati boyila ya injini yaing'ono chotero sikanakwanitsa, ena amati mtsetse ndi kupepuka kwa katundu zinathandiza ndipo nambala zake zikugwirizana.

Nanga Gordon akuimira ndani? Awdry anamupanga m'chifanizo cha injini za Nigel Gresley za ku Doncaster, ndipo m'buku lina lapatsogolo timauzidwa kuti Flying Scotsman ndi mbale wake. Flying Scotsman ndiyo inafika mamailosi 100 pa 30 November 1934, itakoka bogi lapadera lokhala ndi makina olemba liwiro papepala. N'chifukwa chake anthu a mbali ya LNER amati yawo ndiyo yoyamba yokhala ndi umboni. Choncho Duck ndi Gordon akamanyozana m'shedi, amene akulankhula ndi magulu awiri a anthu enieni, a Great Western ndi a LNER. Ngati munakhalapo pakati pa wa Bullets ndi wa Wanderers akukumbutsana chigoli cha zaka zammbuyo, mtundu wa mkanganowu mukuudziwa. Palibe amene amasintha maganizo, ndipo palibenso amene amafuna kuti uthe.

Chomwe ndimamutayira kamtengo Awdry n'chakuti chipongwe cha Gordon anachitenga m'zitsulo zenizeni. Linunda lija lili ndi ntchito. Madzi akamawira m'boyila, nthunzi youma imasonkhana pamwamba, ndipo linunda ndi malo okwera oitengerapo kuti madzi asapite nawo kumasilinda n'kuwononga zinthu. George Jackson Churchward, injiniya wamkulu wa Great Western, anapanga boyila yokula kumbuyo n'kumachepa chakutsogolo, moti nthunzi ankaitenga pamalo okwera pafupi ndi ng'anjo popanda kufuna linunda. Kwa munthu wa kampani ina, injini yotere inkaoneka ngati yosamalizidwa. Kwa wa Swindon, chimenecho ndiye chinali chizindikiro cha luso. Mwana wa zaka zisanu sangadziwe zonsezi, koma bambo amene akumuwerengera, ngati ndi wokonda sitima, amaseka payekha. Kulembera anthu awiri pa tsamba limodzi popanda kunamiza aliyense si ntchito yamasewera. Ngakhale ngozi ya Gordon ndi yotheka, poti chomwe mphepo ingaulutse ndi chivindikiro chopepuka chakunja, osati chitsulo chomangidwa ndi mabawuti chomwe chili m'kati.

Nthawi yomwe nkhaniyi inatuluka nayonso ili ndi tanthauzo. City of Truro inapumitsidwa mu 1931, ndipo kampani yake itakana kuisunga ndi ndalama zake, inakasungidwa ku York m'nyumba ya zinthu zakale ya LNER. Mwamva? Opikisana nawo omwewo ndi amene anaipatsa pogona. Mu 1957 inatulutsidwa, n'kukonzedwa kuti izikoka sitima zapadera za okonda njanji, mpaka 1961. Ndiye Awdry polemba mu 1958 ankalemba za chinthu chomwe owerenga ake akanatha kupita kukachiona ndi maso chikufuka utsi. Ndipo taonani pomwe anaika nkhaniyi: ndi yoyamba m'buku lomwe nkhani zitatu zotsatira ndi za kubwera kwa Diesel. Injini za malasha zili kalikiliki kukangana za 1904 pamene wodzazilanda ntchito ali kale pakhomo. Boma la Britain linali litavomereza kale mu 1955 pulani yothetsa sitima za malasha. Awdry sakulalikira chilichonse pa zimenezi, wangoika nkhanizo moyandikana n'kutisiya tione tokha.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe sindigwirizana naye.

Choyamba, refa wavala jezi ya timu. Awdry anakulira ku Box, ku Wiltshire, pafupi ndi njanji ya Great Western, akumva injini zikulimbana ndi chitunda usiku. M'nkhaniyi City of Truro ndi wofatsa, waulemu, wosadzitama, ndipo mbiri yake ikutengedwa ngati yosakayikitsa. Wokayika yekhayo ndi Gordon, ndipo wapatsidwa chifukwa chopusa kwambiri chokayikira, kenako walangidwa pagulu. Chonsecho funso lakuti munthu mmodzi ndi wotchi yake ndi umboni wokwanira kapena ayi ndi funso labwino. Mwana angaphunzirepo zambiri kuposa kungouzidwa kuti wokayika ndi wansanje. Awdry watseka ndi nthabwala mkangano womwe kukoma kwake n'kwakuti sutsekeka. Ngakhale Mallard, yomwe ili ndi mbiri ya dziko lonse ya mamailosi 126 pa ola kuyambira 3 July 1938, ili ndi oitsutsa. Amati inali pa mtsetse wa Stoke, ndipo inatentha chitsulo chapakati n'kuchotsedwa ku Peterborough, pamene injini ya ku Germany, 05 002, inafika makilomita 200.4 pa ola mu 1936 panjanji yosatsetsereka kwenikweni n'kubwerako yabwinobwino. Okonda sitima enieni amadziwa kuti nambala iliyonse ili ndi "koma" wake, ndipo "koma" ameneyo ndi amene amawasunga pamacheza mpaka usiku.

Chachiwiri ndi cholemera kuposa apo. Mukapatsa injini nkhope ndi pakamwa, anthu oyendetsa amasanduka zithunzithunzi. M'nkhaniyi liwiro ndi khalidwe la injini, ngati kuti Gordon akangofuna ndiye kuti wathamanga. Koma panjanji yeniyeni liwiro limachokera m'msana wa munthu. Wosonkhezera moto amaponya matani angapo a malasha ndi fosholo paulendo umodzi wautali, ataima pachitsulo chogwedezeka, akuyang'anira madzi ndi mphamvu ya nthunzi nthawi yomweyo. Akaponya ambiri moto umatsamwa, akaponya ochepa nthunzi imagwa. Dalaivala wa City of Truro tsiku lija anali Moses Clements. Pa Mallard panali Joseph Duddington ndi wosonkhezera moto Thomas Bray. Mayina a injini amadziwika ndi ana, koma awawa muyenera kuchita kuwafunafuna. Vuto limeneli si la Awdry yekha. Ngakhale matebulo a liwiro omwe okonda sitima amasindikiza m'magazini, mwambo womwe Rous-Marten ndi Cecil J. Allen anaukulitsa mu The Railway Magazine, amadzaza ndi nambala ya injini, kulemera kwa mabogi ndi mphindi, munthu wa fosholo n'kumangotchulidwa mongodutsa.

Komanso tisaiwale kuti mpikisano wa 1904 sunali wachibwenzi. Great Western ndi London and South Western Railway ankalimbirana makalata ndi okwera otsika m'zombo ku Plymouth. Pa 1 July 1906 sitima ya kampani yachiwiriyi inalowa pakona ya ku Salisbury ndi liwiro lopitirira muyeso n'kugubuduzika, ndipo anthu 28 anafa. Gordon wataya chivindikiro n'kusekedwa, pamene kunja kwa buku mtengo wa liwiro unali maliro. Sindikunena kuti buku la ana lidzaze ndi mitembo. Ndikungoti wowerenga wamkulu azidziwa kuti mkanganowu unasanduka wokoma pokhapokha mpikisano weniweniwo utatha.

Chosangalatsa n'chakuti Awdry anabwereranso kwa Gordon patatha zaka khumi, ndipo pamenepo anamuchitira chilungamo. Mu Enterprising Engines, buku la 1968, chaka chomwe British Railways inathetsa sitima za malasha panjanji zake zikuluzikulu, Gordon wamva kuti abale ake a ku Doncaster adulidwa kukhala zitsulo zakutha, watsala mmodzi yekha. Kuti amutonthoze, abwana akuitanitsa Flying Scotsman, yomwe m'moyo weniweni inapulumuka chifukwa Alan Pegler anaigula mu 1963. Ikubwera ndi ngolo ziwiri kumbuyo kwake, chifukwa malo omwetsera madzi anali akutha panjanji, ndipo Henry akuchita nazo nsanje. Nsanje ilipobe, nthabwala ilipobe, koma tsopano pansi pake pali chisoni. Wodzikuza wa 1958 uja tikumuona kuti ndi wamasiye. Kwa ine buku ili ndi lomwe limapangitsa kuti loyamba lija likhululukidwe. Mukawerenga limodzi lokha mumapeza nthano ya kunyada, mukawerenga onse awiri mumaona chifukwa chake anthu amakakamira nambala za makolo awo zinthu zikamatha.

Ndipo kukakamira kumeneko kuli ndi zipatso zogwirika. Injini zonse 49 za mtundu wa Peppercorn A1 zinadulidwa pofika 1966. Mu 1990 gulu la okonda sitima linaganiza zopanga ina yatsopano, aliyense akupereka ndalama yofanana ndi mtengo wa mowa umodzi pa sabata. Tornado inamalizidwa ku Darlington mu 2008, ndipo usiku wa pa 12 April 2017, poyesedwa pakati pa Doncaster ndi Newcastle, inafika mamailosi 100 pa ola. Masiku wamba sitima za malasha panjanji zikuluzikulu za ku Britain zimaletsedwa kupitirira 75, choncho okonda sitima amakono amakangana za zina: ndi injini iti yakwera bwino chitunda cha Shap kapena cha Ais Gill ndi mabogi angati. Ali pawindo ngati Rous-Marten, kungoti m'manja muli foni ya GPS. Makina akhala olondola, koma mkangano sunachepe.

Ndiye mukalipeza buku la Duck and the Diesel Engine, kapena gawo la pa TV lomwe analitcha "Gordon and the Famous Visitor", musalipeputse poti ndi la ana. Muwerengereni mphwanu, asekere Gordon mmene angathere. Akamaliza kuseka, mumufunse kuti iyeyo akanakhulupirira munthu mmodzi ndi wotchi yake kapena ayi, ndiponso kuti fosholo anagwira ndani. Ine ndili mbali ya Gordon pang'ono, ndipo a timu ya Duck ndikukudikirani.