Za Lamulo Loletsa Mtanda Wopindika ku Germany

M'dziko la Germany muli lamulo limene tifuna kuliyesa pano, tione ngati liongoka. Ndilo ndime 86a ya buku lawo la milandu, ndipo liletsa munthu kuonetsa poyera chizindikiro cha chipani cha Hitler, chotchedwa swastika. Eni dziko achitcha Hakenkreuz, ndiko kunena mtanda wa ngowe, pakuti nsonga zake zinayi zipindika. Wolakwira lamuloli alipa ndalama, kapena akhala m'ndende kufikira zaka 3.

Ife tilivomera. Hitler analamulira kuyambira 1933 kufikira 1945, ndipo pansi pa chizindikirochi anaphedwa Ayuda ngati 6 miliyoni, akulu ndi makanda omwe. Mdzukulu wa ophedwawo akachiona pakhoma la nyumba yake, adziwa kuti wolembayo amuopseza ndi imfa yomweyo. Ena ati lamulo lotere lilanda ufulu wa kulankhula. Koma tiona kuti lilola chizindikirochi m'sukulu ndi m'mabuku a mbiri, kuti ana adziwe chimene chinachitika. Chimene likaniza ndicho kuchinyamula monyada.

Ndipo ife a mpingo tisayese kuti mlanduwu ndi wa akunja okha. M'masiku amenewo gulu lotchedwa Deutsche Christen, anthu obatizidwa, linaika swastika pakati pa mtanda wa Ambuye, ndipo mu 1933 wina wa atsogoleri awo anauza khamu ku Berlin kuti Chipangano Chakale chichotsedwe, popeza ndi buku la Ayuda. Khamulo linaomba m'manja. Abusa ena okhulupirika anatsutsa chiphunzitso cha gululi ku Barmen mu 1934, koma ambiri anakhala chete.

Tsono chilema cha lamuloli nchakuti ligwira chooneka ndi maso chokha. Ku Stuttgart mu 2006 bwalo linalipiritsa munthu wogulitsa zithunzi za swastika yodulidwa ndi mzere, amene ntchito yake inali kutsutsa chipanicho. Bwalo lalikulu ndilo linammasula mu 2007. Oweruza oyambawo anaona chilembo, osafunsa chimene wochilemba afuna.

Nawonso adani enieni sanasowe pothawira. Njoka yafundula khungu, ululu wake uli pomwepo. Magulu odana ndi Ayuda ndi alendo, poletsedwa mtanda wawo, anyamula mbendera yakale ya ufumu, ya mabanga akuda, oyera ndi ofiira. Kapena alemba 88 pa malaya, pakuti H ndicho chilembo chachisanu ndi chitatu, ndipo HH ndiwo malonje a Hitler. Dziko la Austria linaletsa 88 pa manambala a galimoto odzisankhira mu 2015. Koma pa malaya ndi pakhoma nanga? Kodi woweruza adzamanga bwanji munthu chifukwa cha nambala imene ife tiphunzitsa ana aang'ono pa sileti?