Maphunziro Mumzinda: Buku la Paulo Freire Tikaliwerengera Kuno Kumalire

Buku limene ndikufuna tikambirane linasindikizidwa ku Brazil m'caka ca 1991, ndipo dzina lake ndi A Educação na Cidade, kutanthauza maphunziro mumzinda. Mwini wake ndi Paulo Freire, mphunzitsi wobadwira ku Recife mu 1921, amene anamwalira mu 1997. Wina angafunse kuti nkhani za mzinda wa São Paulo zitikhudza bwanji ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Zitikhudza cifukwa abale athu ambiri ali ku Tete, ku Moatize ndi ku Beira. Ena akugulitsa kacewere ndi kabici, ena akulondera mipanda ya eni ndalama, ena akucapa zovala m'nyumba za anthu. Funso la bukuli ndi lathu lomwe: munthu wamkulu akafika mumzinda sukulu itamudutsa kale, mzindawo umamulandira kapena umamusiya panja?

Freire anali wodziwika kale asanatulutse bukuli. Mu 1963, m'tauni ya Angicos, iye ndi ophunzira a pa yunivesite anaphunzitsa anchito pafupifupi 300 kuwerenga ndi kulemba m'maola 40 a maphunziro. Njira yake inali yoyamba ndi mawu a moyo wa ophunzirawo. Kwa omanga nyumba ankayamba ndi liwu lakuti njerwa, n'kuliphwanya m'zigawo, kwinaku akukambirana kuti n'cifukwa ciani woumba njerwa amagona m'cisakasa. Asilikali atalanda boma mu 1964 anamutsekera m'ndende, kenako anathawira kunja. Mu 1989 mayi Luiza Erundina, meya wa São Paulo, anamuika kukhala woyang'anira maphunziro a mzinda wonse, ndipo anagwira nchitoyo mpaka 1991. Bukuli ndi mafunso amene atolankhani ndi aphunzitsi anzake ankamufunsa m'zaka zimenezo, pamodzi ndi mayankho ake.

Ndiyambe ndi zimene ndikuziyamikira. Coyamba, Freire amakana zoti ana a anthu osauka amathawa sukulu. Iye akuti sukulu ndiyo imawapirikitsa, ngakhale palibe amene amawatengera ndodo. Imawapirikitsa ndi njala, ndi mayeso, ndi manyazi. Mawu amenewa ndi olemera kwa ife. Mayi wa zaka 40 amene sadziwa kulemba dzina lake kawirikawiri amadziimba yekha mlandu, amati mutu wanga ndi wouma. Koma tikafufuza tipeza kuti sukulu ya kwawo inatenthedwa pankhondo, kapena inali kutali, kapena makolo anasankha kuphunzitsa mlongo wake wamwamuna. Munthu akazindikira kuti sanalephere yekha, amalimba mtima kubwerera m'kalasi.

Caciwiri ndi gulu la maphunziro a acinyamata ndi akuluakulu limene linayamba ku São Paulo mu 1989, lochedwa MOVA. A ku Malawi angati sukulu za kwaca, koma kayendetsedwe kake kanali kosiyana. Boma la mzinda silinamange makalasi n'kumadikira anthu. Linapangana ndi mabungwe a anthu okhala m'makomboni, a mipingo ndi a amayi. Mabungwewo ndiwo ankapeza malo ophunzirira ndi mphunzitsi wocokera m'dera lomwelo, pamene boma linkapereka ndalama ndi kusula aphunzitsiwo. Mutu umodzi susenza denga. Nzeru yake ndi yakuti bambo wotopa ndi nchito sangakwere galimoto usiku kupita pakati pa mzinda kukakhala pa benchi la ana, koma akhoza kuyenda mapazi ocepa kukakhala m'chalichi ndi anzake amene amawadziwa.

Cacitatu, Freire amaumirira kuti mphunzitsi alemekeze kalankhulidwe ka wophunzira. Ku São Paulo kunadzaza anthu ocokera kumpoto cakum'mawa kwa Brazil, dera louma ndi losauka, ndipo eni mzinda ankaseka Cipwitikizi cawo. Iye akuti aphunzitseni Cipwitikizi ca m'mabuku, pakuti ndico cimatsegula zitseko za maofesi, koma musawauze kuti cinenero ca amayi awo ndi conyansa.

Pa mfundo yomweyi ndi pamene bukuli likutisiya panjira. Ku São Paulo, mphunzitsi ndi wophunzira onse ankalankhula Cipwitikizi, kusiyana kunali pa kachulidwe ndi kaikidwe ka mawu. Kwathu kuno si conco. Mayi wocokera ku Domwe akatsika galimoto ku Tete amapeza Cinyungwe pamsika ndi Cipwitikizi m'ofesi, m'cipatala ndi pa cikwangwani ciliconse. Akalimba mtima kulowa kalasi ya akuluakulu, amapatsidwa katundu muwiri nthawi imodzi: aphunzire zilembo, aphunzirenso cinenero cacilendo. Ambiri amatula katunduyo pakatha milungu yocepa. Wowerenga bukuli mosasamala angaganize kuti ulemu wa mphunzitsi ndi wokwanira, pamene vuto lathu ndi lozama kuposa pamenepo.

Cimene cimandidabwitsa n'cakuti Freire ankalidziwa vutoli. Dziko la Guiné-Bissau litalandira ufulu, iye anathandiza pa nchito yophunzitsa akuluakulu kumeneko. Maphunzirowo anacitika m'Cipwitikizi, cinenero cimene anthu ambiri akumidzi sankalankhula, ndipo zipatso zake zinali zocepa. Iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti cinenero cinali copunthwitsa cacikulu. Ife tinadutsa njira yomweyo. Pa ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse m'Mozambique sankadziwa kuwerenga, ndipo nchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu imene inayamba mu 1978 inacitika m'Cipwitikizi. Kalembera wa 2017 anapeza kuti akuluakulu 39 pa 100 alionse sadziwabe kuwerenga, ndipo mwa amayi ndi pafupifupi theka. Komatu umboni wa njira ina tili nawo pakhomo pathu: pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, ku Gaza m'Cishangana ndi kuno ku Tete m'Cinyanja, ndipo kuyesako kunatsegula njira ya maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu za pulayimale. Cimene cinathandiza ana cingalephere bwanji kuthandiza makolo awo?

Pali gulu linanso limene bukuli silingaliganizire n'komwe, cifukwa ndi lathu lakumalire. Nkhondo itakula, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Ana ena a nthawi imeneyo anaphunzira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza m'Cicewa ndi m'Cingelezi. Lero ndi anthu akuluakulu. Amawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo mosadodoma. Pa wailesi pamene ndimagwira nchito timalandira mauthenga awo a pafoni olembedwa bwino lomwe, a maliro, a ukwati, a mbuzi yosowa. Koma munthu yemweyo akaima pa zenera la ofesi mumzinda n'kupatsidwa fomu ya Cipwitikizi, amaoneka ngati sanaonepo colembera, ndipo ena amalipira munthu wapanja kuti awalembere. Kumuika munthu wotere m'kalasi yoyamba kuti aziimba a, e, i, o, u ndi kumunyoza. Iye akufuna Cipwitikizi ca pa fomu, ca pa pangano la nchito, ca pa cikalata ca kucipatala, ndipo mlatho wake ndi Cinyanja cimene amaciwerenga kale.

Colakwika cina ca bukuli ndi ca kapangidwe kake. Popeza ndi mafunso ndi mayankho, mfundo zimabwerezedwa, ndipo mawu amene timamva ndi a munthu amene ali pa udindo, akuteteza nchito yake. Freire ankaphunzitsa kuti wophunzira azilankhula, koma m'masamba amenewa amene akulankhula ndi iye pamodzi ndi anthu ophunzira kwambiri. Ndinkafuna kumva mayi wocapa zovala akufotokoza cimene cinamubweza m'kalasi, kapena cimene cinamutulutsamo. Pa wailesi timadziwa kuti pulogalamu ya zaulimi imene mulibe mawu a mlimi, alimi saimvera.

Ndiponso bukuli linatuluka nkhani isanathe. Boma la mzinda litasintha mu 1993, atsogoleri atsopano anasiya kuthandiza MOVA, ndipo inadzabwerera patapita zaka. Ili ndi phunziro limene mulibe m'bukumo: kalasi yodalira meya mmodzi imatsekedwa tsiku limene meyayo wacoka. Cimene cimakhalitsa ndi cimene mpingo, bungwe la pamsika kapena gulu la anthu ocokera dera limodzi lacitenga ngati cawo.

Ndiye bukuli ndi lothandiza kwa ndani? Ndingalipereke kwa aphunzitsi a akuluakulu, kwa akulu a mipingo ndi kwa atsogoleri a mabungwe athu a m'mizinda. Cipwitikizi cake ndi colemererapo m'malo ena, koma wofika sekondale akhoza kucitsata. Aliwerenge akudziwa kuti linalembedwera mzinda wa cinenero cimodzi. Atengemo nzeru yopititsa kalasi kumene kuli anthu, pa nthawi imene msika watsekedwa, ndi mphunzitsi wa kwawo. Zotsalazo tiwonjezere tokha: zilembo ziyambe m'Cinyanja kapena m'Cinyungwe, Cipwitikizi cibwere pambuyo ndi mapepala enieni amene munthu amakumana nawo, ndipo wodziwa kale kuwerenga asabwezedwe kumayambiriro.

Kwa inu amene muli kumudzi, nkhaniyi musaione ngati ya a m'tauni okha. Mabungwe athu a m'mizinda amasonkha ndalama zonyamulira maliro kubwera nawo kuno, ndipo amacita bwino. Mabungwe omwewo akhoza kupeza cipinda, bolodi ndi munthu mmodzi wodziwa zinenero ziwiri. Mwana wanu kapena mlongo wanu akabwera kudzaceza pa Khirisimasi, mufunseni amene amamuwerengera pangano la nchito asanaikepo cala cake.