Kusunga ndi Kufalitsa N'zosiyana

Zimbale za DVD zinayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, ndipo posakhalitsa zinafika m'nyumba zathu. Oimba, makwaya ndi ochita zisudzo ankaikamo ntchito zawo. Mabanja ankasungamo maukwati ndi zinkhoswe. Lero makina oonetsera zimbalezi akusowa, ndipo makompyuta ambiri atsopano alibe n'komwe polowetsa chimbale. N'chifukwa chake ambiri akukopera kanema kuchoka m'chimbale, kumsandutsa fayilo ya MP4, n'kumtumiza pa WhatsApp kapena pa YouTube.

Kukopera pakokha n'chinthu choyamikika. Chimbale chimakalika, ndiponso chimaonongeka ndi dzuwa ndi chinyontho. Banja limene lapulumutsa kanema wa ukwati wa makolo chimbale chisanafe, lasungira zidzukulu nkhope ndi mau a anthu amene anatisiya. Tingochenjezana kuti DVD wamba imanyamula magigabayiti 4.7, pamene WhatsApp kawirikawiri imafinya kanema kuti apepuke, zithunzi n'kuchita chimbuuzi. Choncho fayilo yoyambayo, yosafinyidwa, isungidwe pamalo awiri osiyana.

Chimene tikudandaula nacho n'chakuti ambiri a ife sitisiyanitsa kusunga ndi kufalitsa. Taganizani za kwaya imene yasonkha ndalama chaka chathunthu kuti ilipire situdiyo, wojambula ndi galimoto, poyembekeza kuti idzabweza ndalamazo pogulitsa zimbale. Munthu mmodzi agula chimbale chimodzi, achikopera, ndipo pofika madzulo nyimbo zonse zili m'mafoni a anthu mazana. Wotumizayo amati akuthandiza kwayayo kutchuka. Koma kodi kutchuka kumabweza ngongole? Amene analima ndi ena, okolola n'kukhala ife.

Lamulo silinakhale chete pa nkhaniyi. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za aluso, ndipo mu 2016 dziko lathu linalandira lamulo latsopano la umwini wa ntchito zotere. Komabe palibe wapolisi amene angalondere foni iliyonse. Mlonda weniweni ndi chikumbumtima cha mwini foniyo, ndipo chikumbumtima chimaphunzitsidwa pakhomo, ana akamaona zimene makolo amachita.

Ngakhale kanema wa pabanja amafuna kusamala. Anthu amene anavina pa chinkhoswe mu 2005 ankadziwa kuti adzaonedwa ndi abale pabalaza, osati ndi dziko lonse. Chimene chalowa pa intaneti n'chovuta kuchibweza, pakuti madzi akatayika saoleka.

Tsono tisanatumize kanema, tiyambe tadzifunsa: kodi mwini wake ndani, ndipo wavomera? Ngati ndi wa oimba, tiwafunse ndi kuwalipira, kapena titumize anzathu kumene eni akewo anaika okha nyimbo zawo. Ngati ndi wa pabanja, tifunse amene akuonekamo. Kupempha chilolezo kumatenga mphindi zochepa, ndipo kumasunga ulemu wa mnzathu pamodzi ndi thukuta lake.